TULO SI ULESI: ZIMENE NDALAMA ZA BOMA ZINATHANDIZA KUPEZA

M'makomboni monga Kapata, Mchini ndi Nabvutika, m'mene nyumba zambiri zinamangidwa mothithikana, munthu woliza mkonono amadziwika mpaka khomo lacitatu. Azimai amamuseka pa mpopi wa madzi, ana amamuyerekezera, ndipo mkazi wake amangoyankha kuti ndi mmene atate a ana alili. Koma mkazi yemweyo akafunsidwa bwino ku kiliniki, kawirikawiri amaulula cinthu cimene cimamusowetsa mtendere. Pakati pa mkononowo bambo amangoti zii, osapuma kwa kanthawi ndithu, kenaka n'kudzidzimuka ngati munthu wotsamwidwa. Kukaca amauka mutu uli kuwawa, masana amaodzera pa nchito, ndipo BP yake siitsika ngakhale kuti amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku.

Awa ndi matenda, ndipo ali ndi dzina ndi cithandizo cake. Koma kwa zaka zambiri m'masukulu a zaumoyo nkhani ya tulo inali kuphunzitsidwa pang'ono kwambiri, ngakhale ku maiko olemera. Zambiri zimene madokotala adziwa lero pa nkhaniyi zinadziwika cifukwa cakuti maboma ena, makamaka la America, anabvomera kuika ndalama za msonkho pa kafukufuku wa cinthu cimene anthu ambiri anali kuciona ngati cacabe.

NGOZI ZA PAKATI PA USIKU

Cimene cinagwedeza andale ku America sicinali mkonono ai, koma ngozi. Pa 28 March 1979, nthawi ya 4 koloko m'mawa, makina a pa malo opangira magetsi ndi mphamvu ya nyukiliya ku Three Mile Island anaonongeka, ndipo anchito a usiku anacedwa kuzindikira cimene cinali kucitika. Pa 26 April 1986 malo ena otere anaphulika ku Chernobyl, m'dziko la Ukraine, nthawi itangopitirira 1 koloko usiku. Ndipo pa 24 March 1989, pakati pa usiku, sitima ya pamadzi yochedwa Exxon Valdez inagunda miyala ku Alaska ndi kutaya malita a mafuta pafupifupi 41 miliyoni m'nyanja. Ofufuza a Boma anapeza kuti cimodzi mwa zifukwa za ngozi ya sitimayo cinali kutopa kwa munthu amene anali kuiyang'anira pa nthawiyo. Sikuti tulo tokha ndito tinacititsa ngozi zonsezi, pakuti panalinso zolakwika zina za makina ndi za oyang'anira. Koma akatswiri anafunsa kuti, kodi n'cifukwa ciani zinthu zazikulu zotere zikonda kucitika usiku?

Mu 1988 nyumba ya malamulo ya dzikolo inakhazikitsa komiti yofufuza za matenda a tulo, ndipo wapampando wake anali Dr William Dement wa pa yunivesite ya Stanford, amene anatsegula kiliniki ya matenda a tulo pa yunivesiteyo mu 1970. Komitiyo inamva umboni wa odwala ndi madokotala m'mizinda yosiyanasiyana. Lipoti lake, lochedwa Wake Up America, linati anthu pafupifupi 40 miliyoni m'dzikomo anali ndi matenda a tulo okhalitsa, ndipo oculuka mwa iwo sanapimidwepo kapena kulandira cithandizo. Linanenanso kuti mu 1990 mokha matendawa anadyera dzikolo madola 15.9 biliyoni, osawerengera zoonongeka pa ngozi.

Andale amamva msanga nkhani ikachula ndalama. Mu June 1993 Pulezidenti Bill Clinton anasaina lamulo limene, mwa zina, linakhazikitsa ofesi ya National Center on Sleep Disorders Research pansi pa bungwe la Boma loona za kafukufuku wa zaumoyo la NIH. Nchito yake inali kugwirizanitsa kafukufuku, kuphunzitsa akatswiri ndi kudziwitsa anthu wamba. Pulani yoyamba ya dziko lonse ya kafukufuku wa tulo inatuluka mu 1996, ndipo inakonzedwanso mu 2003, 2011 ndi 2021.

MKONONO UMENE UMAKWEZA BP

Umodzi mwa mafukufuku amene analipiridwa ndi Boma unayamba mu 1988 ku Wisconsin. Anchito a Boma a zaka za pakati pa 30 ndi 60 anapemphedwa kukagona usiku umodzi m'cipinda ca kucipatala, atamangidwa timawaya topima kapumidwe, mtima ndi ubongo. Zotsatira za anthu 602 zinasindikizidwa mu 1993. Zinaonetsa kuti amuna 24 ndi akazi 9 mwa 100 aliwonse anali kuleka kupuma kapena kupuma mopereŵera kasanu kapena kuposerapo pa ola limodzi ali m'tulo, ndipo amuna 4 ndi akazi 2 mwa 100 anali ndi bvutoli pamodzi ndi kuodzera kwambiri masana. Awa sanali odwala a m'cipatala ai, anali anthu opita ku nchito tsiku lililonse. Atawatsatira kwa zaka zina zinai, ofufuzawo anaonetsa mu 2000 kuti amene anali ndi bvutoli ndiwo anali kudzapezeka ndi BP yokwera kuposa anzao.

Matendawa madokotala amawacha sleep apnoea, ndipo amacitika motere. Munthu akagona, minofu ya kukhosi imafooka. Ngati njira ya mpweya ndi yopapatiza, kaya cifukwa ca kunenepa, khosi lalikulu, cibwano cacing'ono kapena matonsili otupa, njirayo imatsekeka. Cifuwa cimayesa kukoka mpweya koma palibe coloŵa. Mpweya wabwino m'magazi umatsika, ubongo umadzidzimutsa munthuyo kuti apume, mtima umathamanga, ndipo BP imakwera. Iye sakumbukira ciliconse kukaca, koma zimenezi zikhoza kucitika kambirimbiri pa ola limodzi, usiku ndi usiku, kwa zaka. Mapeto ake ndi BP yosamva mankhwala, matenda a mtima, sitiroko ndi ngozi za pa mseu.

Cithandizo codalirika cinapezeka ku Sydney, m'dziko la Australia, kumene Dr Colin Sullivan anafotokoza mu 1981 za makina ochedwa CPAP. Makinawa amauzira mpweya pang'onopang'ono kudzera m'cophimba mphuno kuti khosi lisatsekeke. Amagwira nchito bwino, koma ndi odula ndipo afuna magetsi usiku wonse, cinthu cimene banja la m'komboni silingacidalire nthawi zonse. Komabe zina zimene kafukufukuyu anaphunzitsa sizifuna ngwee. Kucepetsa thupi kumathandiza kwambiri. Kugonera cam'mbali kuli bwino kuposa kugona cagada. Mowa wa madzulo, kaya ndi wa m'botolo, cibuku kapena kacasu, umafooketsa minofu ya kukhosi ndi kukulitsa bvutoli, ndipo mapiritsi ogonetsa amacita cimodzimodzi. Mwana amene amaliza mkonono usiku uliwonse, kugona kukamwa kuli yasa ndi kubvutika kumvetsera m'kalasi afunika kupimidwa kukhosi, pakuti mwa ana cocititsa kawirikawiri ndi matonsili, ndipo opaleshoni imathandiza ambiri.

TINCHENCHE TA PA MANGO OOLA

Mbali ina ya kafukufukuyu ndi yodabwitsa kwambiri, ndipo ndi imene ionetsa bwino cifukwa cake nchito yotere ifuna Boma. Palibe kampani ya malonda imene ikanalipira munthu kwa zaka 20 kuti aziyang'ana nthawi imene nchenche zimagona.

Mu 1971, ku California, Ronald Konopka ndi Seymour Benzer anali kufufuza tinchenche ting'onoting'ono timene timaunjikana pa mango ndi nthoci zoola. Anapeza kuti tambiri timatsatira tsiku la maola 24 ngakhale titasungidwa mumdima, koma tina tinali ndi tsiku la maola 19, tina la maola 28, ndipo tina tinalibe nthawi konse. Kusiyana konseku kunacokera pa jini imodzi, imene anaicha period. Mu 1984 Jeffrey Hall ndi Michael Rosbash a pa yunivesite ya Brandeis, ndiponso Michael Young wa pa yunivesite ya Rockefeller, anaipatula jiniyo, ndipo m'zaka zotsatira anaonetsa mmene imagwirira nchito. Jiniyo imapanga puloteni imene imaculuka usiku m'selo, ndipo ikaculuka imatseka jini imene inaipanga. Masana puloteniyo imatha, jini n'kutsegukanso. Kuzungulira kumeneku kumatenga pafupifupi maola 24. Atatuwa, amene nchito yao inathandizidwa ndi ndalama za NIH, analandira mphoto ya Nobel mu 2017.

Munthu nayenso ali ndi koloko yotere pafupifupi m'maselo onse a thupi lake. Koloko yaikulu, imene inadziwika mu 1972, ili mu ubongo pamwamba pa pamene mitsempha ya maso imapingasana. Ndi kadontho ka maselo pafupifupi 20,000, ndipo kamachera nthawi yake potsatira kuwala koloŵa m'maso. Kukada kamalamula thupi kutulutsa melatonin, imene imakonzekeretsa munthu kugona. Kutentha kwa thupi kumatsika, BP imatsika, ndipo capakati pa 3 ndi 5 koloko m'mawa thupi limakhala lofooka koposa nthawi ina iliyonse. Ili ndilo yankho la funso lija la ngozi za usiku. Ndi cifukwa cakenso mwana wa sukulu amene amagona foni ili pamaso mpaka pakati pa usiku amalephera kuuka m'mawa. Kuwalako, pamodzi ndi zimene ali kuonererazo, kumacedwetsa tulo.

Pali cikhulupiriro cakuti makolo akale anali kugona dzuwa likangoloŵa. Kafukufuku wa mu 2015 pakati pa Ahadza a ku Tanzania, Asan a ku Namibia ndi Atsimane a ku Bolivia, anthu amene anali kukhala opanda magetsi, anapeza kuti anali kugona patapita maola oposa atatu dzuwa litaloŵa, ndipo tulo tao tinali ta maola 6 kapena 7. Koma anali kuuka pa nthawi yofanana tsiku lililonse, anali kulandira dzuwa la m'mawa, ndipo odandaula za kusoŵa tulo anali ocepa zedi.

ALONDA, ANASI NDI MADALAIVALA

Amene nkhaniyi iwakhudza kwambiri ndi ogwira nchito usiku: alonda, anasi, apolisi, ophika buledi, a m'migodi ndi madalaivala. Thupi la ambiri silizoloŵera kwenikweni nchito ya usiku, cifukwa dzuwa la m'mawa pobwerera kunyumba limabwezera koloko pa nthawi yake yakale. Mlonda amafika kunyumba 7 koloko, wailesi ya aneba ili kulira, ana ali kusewera pa zenera, malata atentha, ndipo akagona maola anai ndiye kuti wacita mwai. Kafukufuku waonetsa kuti ogwira nchito yotere kwa zaka zambiri amapezeka kwambiri ndi matenda a shuga, kunenepa ndi matenda a mtima. Mu 2007 nthambi ya WHO yofufuza za khansa inaika nchito yosokoneza koloko ya thupi m'gulu la zinthu zimene mwina zimayambitsa khansa, ndipo inabwerezanso zimenezi mu 2019. Liu lakuti mwina lifunika kulimvetsa: umboni ulipo koma sunafike potsimikizira, conco nasi asasiye nchito cifukwa ca mantha.

Za pa mseu umboni wake ulibe mwina. Mu 1997 ofufuza a ku Australia, Drew Dawson ndi Kathryn Reid, anaonetsa kuti munthu amene wakhala maso maola 17 amacita zinthu mocedwa ngati amene ali ndi mowa wa 0.05 peresenti m'magazi, ndipo amene wakhala maso maola 24 amafanana ndi wa 0.10 peresenti, amene ndi munthu woledzera ndithu. Dalaivala wotopa amatha kugona masekondi atatu kapena anai maso ali otsegula pang'ono, iye osadziŵa. Basi yothamanga makilomita 100 pa ola imayenda mamita oposa 100 m'masekondi anai, utali wa bwalo la mpira. Aliyense amene anadutsapo m'mapiri a Manenekela pa mseu wa Great East adziwa kuti pamenepo mamita 100 ndi ambiri.

Mu 2016, pambuyo pa ngozi zingapo zoopsa, Boma la Zambia linatulutsa lamulo loletsa mabasi onyamula anthu kuyenda pakati pa 21 koloko usiku ndi 5 koloko m'mawa. Amalonda anadandaula, ndipo madandaulo ao anali omveka. Koma lamulo la maola a pa mseu siliona zimene dalaivala anacita asanakwere basi. Ngati anafika ku Lusaka madzulo, n'kugona maola atatu pa mpando wa basi pa siteshoni, ndiye kuti akanyamuka m'mamawa ali kale pa ngozi. Kutsegula zenera, kukweza wailesi ndi kutafuna cingamu sikucotsa tulo. Cimene cimathandiza ndi kuimika galimoto pa malo abwino, kumwa khofi kapena tiyi wamphamvu ndi kugona mphindi 20. Eni mabasi amene amalipira dalaivala potsatira maulendo amene wayenda afunika kudziŵa kuti kalipiridwe kotere kamakankha munthu kuyendetsa ali ndi tulo.

KAODZERA WA M'CIGWA CA LUANGWA

Cigawo ca Kum'mawa cili ndi gawo lake m'mbiri ya matenda a tulo. Mu 1910, ku Liverpool, akatswiri aŵiri, Stephens ndi Fantham, anafotokoza za kacilombo katsopano kamene anakapeza m'magazi a mzungu wina amene anadwalira m'cigwa ca Luangwa. Anakacha Trypanosoma rhodesiense, potengera dzina la dziko lino pa nthawiyo. Ndi kamene kamayambitsa kaodzera wa kuno, ndipo kamafalitsidwa ndi nchenche za kashembe kucokera ku nyama za m'chire ndi ziŵeto. Odwala akhala akupezeka m'maboma monga Chama, Mambwe, Nyimba ndi Rufunsa.

Dzina lakuti kaodzera limasoceretsa pang'ono. M'zaka za m'ma 1990 madokotala a ku France anapima tulo ta odwala kaodzera wa mtundu wina ku Côte d'Ivoire ndi ku Congo, ndipo anapeza kuti odwalawo sagona maola ambiri kuposa anthu ena. Cimene cimasokonezeka ndi nthawi yake: amagona pang'onopang'ono usana ndi usiku, osatsatira dzuwa. Mu 2018 ofufuza a ku Lisbon ndi ku Dallas anaonetsa pa mbeŵa za m'labotale kuti kacilomboka kamafupikitsa tsiku la koloko ya m'thupi. Motero cidziŵitso cimene cinayambira pa tinchenche ta pa zipatso cinathandiza kufotokoza matenda a ku Malambo.

Kwa zaka zambiri wodwala amene kacilombo kamufika mu ubongo anali kubayidwa melarsoprol, mankhwala okhala ndi poizoni wa arsenic, opweteka m'mitsempha, amenenso anali kupha ena mwa odwala. Mapiritsi a fexinidazole, omwa kwa masiku 10 pamodzi ndi cakudya, anayesedwa ku Rumphi m'dziko la Malawi ndi ku Lwala m'dziko la Uganda, motsogoleredwa ndi bungwe la DNDi ndi ndalama za maboma a ku Ulaya kudzera m'bungwe la EDCTP. Mu 2024 WHO inawabvomereza kukhala mankhwala oyamba a kaodzera wa mtundu uno kwa odwala a zaka 6 kupita m'mwamba olemera makilo 20 kapena kuposerapo. Kaodzera wa kuno ndi wacangu, amatha kupha m'miyezi yocepa. Munthu wa m'tauni amene anapita ku cigwa kukaona abale, kukagula nsomba kapena kukagwira nchito ku malo ogona alendo, n'kubwera ndi malungo osamva mankhwala a malungo, cotupa coŵaŵa pamene analumidwa, kapena kugona masana ndi kukhala maso usiku, auze a cipatala kumene anapita. Akapanda kuchula ulendowo, kaodzera sangabwere msanga m'maganizo mwa womupima.

Dziko lino silinakhale lopanda ofufuza. Malo a Tropical Diseases Research Centre anatsegulidwa ku Ndola ndi WHO mu 1975, pambuyo pake anakhala m'manja mwa Boma la Zambia, ndipo kaodzera anali amodzi mwa matenda amene anafufuzidwa kumeneko. Lamulo loyendetsa kafukufuku wa zaumoyo linakhazikitsidwa mu 2013. Pa msonkhano wa ku Bamako mu 2008, maiko anapemphedwa kupatula 2 peresenti ya ndalama za Unduna wa Zaumoyo kuti zipite ku kafukufuku. N'zoona kuti malungo, TB ndi HIV ziyenera kukhala patsogolo. Koma pali mafunso ena a tulo amene safuna makina odula: kodi madalaivala a mabasi a pa mseu wa Chipata amagona maola angati asananyamuke, ndipo mwa odwala BP a m'makiliniki a m'tauni ndi angati amene amaleka kupuma usiku? Mafunso otere angayankhidwe ndi pepala, cingwe copimira khosi ndi ophunzira a zaumoyo ocepa. Ziŵerengero za ku Wisconsin ndi za anthu a ku Wisconsin, ndipo Unduna sungakonze bajeti ndi ziŵerengero za eni ake.

ZA M'NYUMBA

Akatswiri a ku America anagwirizana mu 2015 ndi 2016 kuti munthu wamkulu afunika kugona maola 7 kapena kuposerapo, acinyamata a zaka 13 mpaka 18 maola 8 mpaka 10, ndipo ana a zaka 6 mpaka 12 maola 9 mpaka 12. Mwana amene amauka 5 koloko kukatunga madzi asanapite ku sukulu ayenera kukhala atagona pofika 20 koloko. Wa nchito ya usiku athandizidwe ndi a m'nyumba: pa zenera paikidwe nsalu yokhuthala, ana asewerere kutali, ndipo iye asamwe tiyi kapena khofi kutatsala maola ocepa kuti aŵeruke.

Kusoŵa tulo kwa masiku ocepa pa nthawi ya maliro, ngongole kapena mayeso kumatha kokha. Kukapitirira miyezi itatu, mausiku atatu kapena kuposerapo pa sabata, munthu apite ku kiliniki, pakuti kawirikawiri pamakhala cina kumbuyo kwake: matenda a maganizo, kuwawa kwa thupi, mphumu, shuga yokodzetsa usiku, mowa, kapena mankhwala amene ali kumwa. Ma ARV ena amabweretsa maloto oopsa kapena kusoŵa tulo. Womwa asaleke yekha, koma akambirane ndi a cipatala, pakuti nthawi zina kungosintha ola lomwera kumathetsa bvutolo. Valium wogula pa msika ndi Piriton womwa ngati mankhwala ogonetsa samacotsa cimene cayambitsa kusoŵa tulo. Valium amazoloŵereka m'masabata ocepa, amagwetsa okalamba, ndipo kwa woliza mkonono amatalikitsa nthawi imene amakhala osapuma. Kupatsa mwana wakhanda Piriton kuti agone n'koopsa.

Bambo amene mkazi wake wamuona akuleka kupuma usiku asapite yekha ku kiliniki. Apite ndi mkaziyo kapena wina aliyense amene amagona naye cipinda cimodzi, cifukwa wodwalayo sangafotokoze zimene zimacitika iye ali m'tulo. Ngati m'nyumba muli foni yojambula mau, ajambulidwe mphindi zingapo ali kuliza mkonono, ndipo atenge foniyo pamodzi ndi khadi lake la BP.